Malaya a Malawi Weniweni

Pa Nchalo, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwake koti mbuzi zikulimbirana mthunzi wa njinga ya kabaza. Bambo wina, mlimi wa thonje, akuchokera pa kaunjika atavala chijekete chaubweya m'khosi, zipi mpaka pachibwano. Akazi awo akuwadikira pakhonde la telala.

MAYI: Abambo, malungo aja ayambiranso?

BAMBO: Malungo ati? Ndagula jekete. Belo langotsegulidwa kumene, ndachita kulanda m'manja mwa anthu.

MAYI: Anthu ake ati? Ku Chikwawa kuno alipo angalimbirane jekete? Kumatentha mpaka kudutsa madigiri 40, ng'ona za mu Shire zimagona kukamwa kuli yasa!

BAMBO: Wogulitsa wati yachokera ku Canada. Tagwirani mumve kulemera kwake.

MAYI: Mwafunsa ngati mwini wake ali moyo?

BAMBO: Amayi, pa kaunjika safunsa za maliro.

MAYI: Thonje mumalima ndinu, kupopera ndinu, kutola ndinu, kukaligulitsa ku Ngabu ndinu nomwe. Koma pathupi panupo palibe ngakhale kaulusi kamodzi ka kuno.

BAMBO: Ndiye nditani, ndizivala thonjelo ngati pilo?

MAYI: Sokitsani malaya pompano. Boma linanena kale mu 2016 kuti tizigula za kwathu. Simuwaona a m'maofesi Lachisanu, onse mbuu ndi zachitenje?

BAMBO: Ine ndine wa m'boma? Boma langa ndinu.

MAYI: Ndiye boma lalamula. Vulani.

(Bambo avula. Thukuta lomwe latsika pamenepo ukhoza kuthirira nalo nzimbe.)

TELALA: Takulandirani, achikulire. Tikusokereni chiyani?

BAMBO: Malaya a Malawi weniweni, kuyambira kolala mpaka batani lomaliza. Nsalu yamaluwayi ndi ya kuti?

TELALA: Ya ku Tanzania, imalowera pa Songwe.

BAMBO: Chotsani. Nanga iyo yofiirayo?

TELALA: Imeneyo anabwera nayo alamu anga kuchokera ku Mozambique, anadzera pa Marka.

BAMBO: Chotsaninso. Ya kwathu mulibe?

TELALA: Ilipo, imakhala pansi ngati mwana wamasiye. Nayi. Ya ku Blantyre, ku Mapeto, kuja kale tinkati kwa David Whitehead. Mwinanso ndi thonje lanu lomwe lija, linangokwera phiri la pa Thabwa n'kukaphunzira sukulu.

(Bambo ainunkhiza nsalu, aiyang'ana padzuwa, maso ayamba kulengeza misozi.)

BAMBO: Ndalizindikira. Ili ndi la munda wa kudambo uja. Amayi, taonani mmene lakulira!

MAYI: Musatichititse manyazi, anthu akuona.

BAMBO: Ndiye a telala, mtengo muchotsereko. Ndi mwana wanga uyu.

TELALA: Mwana akapita kutauni amabwerako wodula, achikulire.

BAMBO: Chabwino. Nanga ulusi wosokera?

TELALA: Wa ku China.

BAMBO: Mabatani?

TELALA: China.

BAMBO: Makinawa?

TELALA: Butterfly, anasiya malemu bambo anga. Nawonso ndi China.

BAMBO: Aaa! Ndiye cha Malawi pamenepa n'chiyani?

TELALA: Nsaluyi, mwendo wopalasawu, ndi thukuta langa. Thukutalo ndi basela.

MAYI: Ayezeni basi, asanayambe kufunsa kwawo kwa singano.

TELALA: Kwezani manja. Mmm. Anthu ena amakwana mamita awiri, koma inuyo mugule atatu.

BAMBO: Chifukwa?

TELALA: Mimbayi nayo ndi munthu payokha. Mubwere Lachisanu.

MAYI: Lachisanu lake liti? Paja Lachisanu la telala limayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya ng'ombe imodzi.

TELALA: Lomwe likubwerali, mayi. Ine si ngati enawa.

(Anali ngati enawo. Sabata yoyamba anali kumaliro, yachiwiri lamba wa makina anaduka. Sabata yachitatu malaya anatuluka.)

BAMBO: A telala, mchombo wanga ukutani panja?

TELALA: Ndi sitayilo ya kuchigwa imeneyo. Mpweya uzilowera pansi n'kutulukira m'khosi. Ku Canada sangakusokereni zotere.

BAMBO: Nanga manja? Lina lalitali, lina lalifupi.

TELALA: Lalifupilo ndi lodyera nsima.

MAYI: Mamita atatu aja athera pamenepa?

TELALA: Nsalu ya kwathu imafota ndi dzuwa, mayi.

(Kuseri kwa nyumba kutulukira kamnyamata katavala kabudula wa nsalu yomweyo. Pambuyo pake kamtsikana ndi siketi. Kenako akazi a telala, duku kumutu, maluwa ake omwewo.)

BAMBO: Iiii! Nanga awa ndi a kwaya yanga?

TELALA: Achikulire, munanena nokha kuti tizivala za kwathu. Banja lonse tamva uthengawo.

BAMBO: Amayi, tiyeni tizipita. Mukandipatse jekete yanga ndibise mchombowu.

MAYI: Ili pantchito.

BAMBO: Ntchito yanji?

MAYI: Ndinafunditsa mazira khumi aja nkhuku inawathawa. Aswa onse m'mawa uno.