Mkute ndi mkute, ngakhale muuike m'mbale yagalasi

Ndakwiya abale anga, mundilole ndilankhule.

Loweruka lapitali ndinatsika kuchokera ku Chinamwali kukagula ndiwo mumsika waukulu wa Zomba. Pobwerera ndinati ndidzere kwa anyamata oberna mafilimu aja, poti ana ali pa holide ndipo akungozungulira m'makwalala tsiku lonse. Ndinamuuza mnyamatayo momveka bwino kuti, "Achimwene, mundiikire The Lion King m'fulashimu, ya katuni ija." Iye n'kuti, "Amayi, yakale ija amaoneranso ndani? Ndikuikirani ya 2019, mikango yake ngati yeniyeni, muchita kuthawa pabalaza." Ndinalola, ndalama n'kupereka. Madzulo titadya ndinayala mphasa, ana anga awiri ndi ena atatu a kwa aneba, tonse maso pa TV.

Zimene anatiphikira anthu opanga filimu ya 2019 imeneyi ndi mkute. Atenga nsima ya mu 1994, aitenthetsa, aiika m'mbale yagalasi, n'kumatiuza kuti yangophulidwa kumene.

Aliyense amene anaonera yakale ija akudziwa pamene pamasweka mtima. Nyumbu zatsetsereka m'chigwa, fumbi lili koboo, Mufasa, mfumu ya mikango, wapulumutsa mwana wake Simba, wakwera thanthwe, m'bale wake wa m'mimba imodzi, Scar, n'kumugwetsa. Fumbi likatha kamwana kamabwera, kuitana bambo ake, kuwakoka khutu kuti adzuke. Kenako kamalowa kunsi kwa dzanja la mtembo n'kugona pomwepo. Mu katuni ija nkhope ya Simba imakwinyika, makutu amagwa, misozi imachita kuyenderera. Mu yatsopanoyi imfa yomweyo ilimo, koma nkhope ili gwaa ngati mphaka amene akudikira mutu wa usipa. Mawu akulira, nkhope ilibe nazo ntchito. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 7, anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi bambo akewo afadi? Nanga iyeyu bwanji sakulira?"

Ndinasowa chomuyankha, ndipo mpaka lero zikundiwawa. Mwana wa zaka 7 waona chimene anthu ophunzira, okhala ndi makompyuta amphamvu ndi ndalama zosawerengeka, analephera kuona. Mkango weniweni sulira misozi. Mkango weniweni sumwetulira, suchita manyazi, suimba nyimbo. Ukaupanga kuti ufanane ndi wa m'tchire ubweya uliwonse, wauchotsa nkhope, ndipo nkhani yopanda nkhope yafa. Ine ndikafuna mkango weniweni ndikwera minibasi kupita ku Liwonde, si patali, mikango anaibwezeramo m'nkhalango muja mu 2018. Pamphasa paja sindinakhalire kuti ndiwerenge ubweya wa mkango. Ndinkafuna ana amve chimene ine ndinamva.

Paja ine ya katuni ija ndinaionera ndili kamtsikana, pa kaseti, kunyumba kwa aphunzitsi ena ku Matawale. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe n'komwe wailesi yakanema yakeyake, inadzayamba mu 1999. Tinkadzadzana pansi ana a mudzi wonse, ena kusuzumira pawindo. Chingerezi sitinkachimva, mwina liwu limodzi mwa khumi. Koma tonse tinalira, ndi anyamata omwe amene ankadzitcha olimba mtima, kupukuta maso ndi malaya. Panalibe wotimasulira. Nkhope zojambula pamanja zija ndi zimene zinkatilankhula, mtundu wa thambo ukasintha tinkadziwa kuti kwaipa, nsidze za Scar zikakwera tinkadziwa kuti bodza likubwera. Lero ana anga, amene Chingerezi amachimva kuposa mmene ndinkachimvera ine, anakhala maola awiri osamva kanthu mumtima. Wamng'ono wa kwa aneba anagona filimu isanafike pakati.

Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Inde n'zokongola, sindikukana. Udzu ukugwedezeka ngati wa ku dambo la Chilwa, madzi akunyezimira, kachirombo kalikonse kakuoneka miyendo. Ndiye zitani? Yakale ija ndi ya mphindi 88, yatsopanoyi 118. Theka la ola lowonjezera, koma nkhani ndi yomweyo, imfa yomweyo, nyimbo zambiri zomwezo, ngakhale mawu a Mufasa anakatenganso mkulu yemwe uja, malemu James Earl Jones. Theka la ola limenelo mwaikamo chiyani? Pali pena timakhala tikutsatira kaubweya ka mkango kakuuluka ndi mphepo, kudyedwa ndi nyamalikiti, kutuluka m'ndowe, kukankhidwa ndi kachirombo, mpaka kukafika kwa nyani wotchedwa Rafiki. Luso la kompyuta alionetsa ndithu. Ine ndi ana anga tinangoyang'anizana.

Chifukwa chake n'chodziwika, ndi ndalama basi, filimuyo inapanga madola opitirira 1.6 biliyoni. Koma zimenezo si zanga. Changa n'choti mkute ndi mkute. Mayi aliyense muno mu Zomba amadziwa kuti mkute umadyedwa m'mawa ndi ana pakhomo, mwakachetechete, ndi ndiwo zotsala. Suupereka kwa mlendo. Suutenga kupita nawo pamsika n'kumaitanira anthu kuti bwerani kuno kuli nsima yamoto. Anthu awa akuchita zimenezo poyera, opanda manyazi, ndipo ife tikuwaombera m'manja.

Ndipo sakusiya. Mu December 2024 anatulutsanso ina, yofotokoza ubwana wa Mufasa, nkhope zake za kompyuta zomwezo. Ndani anawafunsa za ubwana wa Mufasa? Katuni iliyonse imene tinaikonda tili ana akuifukula m'manda, kuivala khungu la anthu enieni kapena nyama zenizeni, n'kuigulitsanso. Imene sanaifukule aipatsa gawo lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Ija ya magalimoto othamanga, Fast & Furious, inafika gawo la 10 mu 2023, anthu amene anafa m'magawo akale kumadzukanso ngati palibe chinachitika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nkhani yabwino imakhala ndi pothera. Agogo anga akamatha nthano ankatseka, ife n'kukagona tikuiganizira, sankadzuka mawa lake n'kuti kalulu uja sanafe, bwerani mumve gawo lachiwiri.

Wina asandiuze kuti ana a masiku ano amafuna zooneka zenizeni. Bodza limenelo. Lolemba ndinabwerera kwa mnyamata uja, ndinamuuza kuti, "Achimwene, ndinakupemphani ya katuni, mundipatse ya katuni." Anachita kuifufuza m'kompyuta mwake, akung'ung'udza kuti ndine wachikale. Usiku womwewo ana omwe aja, mphasa yomwe ija, TV yomwe ija. Pofika pa chigwa paja pabalaza panali zii. Mwana wanga uja anabisa nkhope pachitenje changa, mapewa akugwedezeka. Mchimwene wake wa zaka 11, amene amati zolira ndi za atsikana, anadzuka kunamizira kukamwa madzi. Pofika Lachinayi anali ataionera katatu, akuimba nyimbo zake posamba. Ya 2019 ija palibe anaifunsanso, ili m'fulashimo ikungodya malo.

Ndiye musanamizire ana. Ana ali bwinobwino. Akuluakulu ndi amene atha nzeru.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti nkhani zatsopano zilipo, sizinathe pa dziko lapansi. Amene analankhula mawu a Scar mu filimu ya 2019 ndi Chiwetel Ejiofor. Chaka chomwecho munthu yemweyo anatulutsa filimu ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Kasungu amene anapanga magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Anadzaijambula konkuno, anayesetsa kulankhula Chichewa ngakhale lilime linkamulemera. Imeneyo ndinaionera ndi ana omwewa, ndipo mawa lake mnyamata wanga anamasula dayinamo ya njinga ya bambo ake kuti aone mmene imayatsira nyale. Nkhani yatsopano imamutuma mwana kuchita kanthu. Mkute umangomugonetsa. Nanga nthano zathu za kalulu ndi fisi, za kamba, za Napolo amene amatsika m'phiri la Zomba lomweli, zatha liti kuti tizidya za dzulo za eni ake?

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi izi. Tsiku limene ndinabwerera kumsika lija ndinadutsa pa vidiyo sho ina, nthawi ili cha m'ma 10 m'mawa. Chisipika chili panja, mawu akumveka mpaka kumsewu. Filimu ya nkhondo yomasuliridwa m'Chichewa, womasulirayo akutukwana mawu oti ine sindingawalembe pano, akuwonjezera zolaula zimene mwini filimu sananene n'komwe, kuti anthu aseke. Ndinasuzumira. Pa mabenchi padzaza tiana, ena osafika ndi zaka 6, wina atabereka mng'ono wake kumbuyo. Pakhomo pali bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake, akutolera ndalama m'manja mwa ana amenewa. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, ana anu mungawalowetse muno?" Anangondiyang'ana n'kukweza voliyumu.