Lekani kukankha purosesa yakale pa motherboard yotchipa

Achinyamata inu, kodi mudzamva liti? Masiku apitawa ndinaitanidwa kuti ndikaone kompyuta imene inazima yokha ikufuka utsi, ndipo nditangochotsa chivundikiro chake, fungo la pulasitiki wopserera linadzaza chipinda chonse. Pambali pa socket, malo okhalapo purosesa, panali chipsera chakuda bii, pamene MOSFET imodzi (kachipangizo kowongolera magetsi) inaphulikira n'kusiya mkuwa wa m'kati uli poyera. Mwini wake, mnyamata wozindikira bwino, anali ataika purosesa ya FX-8350 pa motherboard yotchipa ya chipset cha 760G, imene VRM yake (gawo lopereka magetsi ku purosesa) ndi ya magawo 4+1 okha, yopanda heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) ngakhale imodzi, kenako n'kulowa mu BIOS (makonzedwe oyambira a motherboard) kukakweza Vcore (voteji ya purosesa) mpaka 1.5 V pofuna overclock, kutanthauza kuithamangitsa kuposa liwiro lake, kuti ifike 4.8 GHz, ati chifukwa anaona wina atatero pa YouTube.

Zimenezi zandikwiyitsa kwambiri. Purosesa imeneyi, imene AMD inatulutsa mu 2012, ndi ya 125 W pa liwiro lake la 4.0 GHz munthu asanaikhudze n'komwe, ndipo motherboard ya mtundu umenewu imakhala ili wefuwefu kale pongoinyamula. Ndiye inu mukuisenzetsanso katundu wina pamwamba? Kodi amene munamuonera pa YouTube uja anakuuzani kuti motherboard yake ili ndi VRM ya magawo 8+2, yokhala ndi ma heatsink okhuthala komanso fani yopemerera pa VRM? Mukawonjezera voteji ndi 10 peresenti yokha, kutentha kumakwera ndi 20 peresenti kapena kuposerapo, liwiro musanaliwerengere, ndipo moto wonsewo umadutsa m'tizipangizo tating'ono ngati chikhadabo timene simunatiyang'anepo ndi kamodzi komwe.

Chondidabwitsa n'chakuti maso anu onse ali pa nambala ya kutentha kwa purosesa. Ikaonetsa 60 °C mumadziguguda pachifuwa kuti zonse zili bwino, pamene ma motherboard ambiri otchipa sakuuzani chilichonse za kutentha kwa VRM. Purosesa ikayamba kudzibwezera yokha liwiro, kumene ndi kulira kopempha kuti muileke, inu mumathamangira kukazimitsa zodzitetezera zake mu BIOS, n'kukwezanso Load-Line Calibration (yoletsa voteji kutsika purosesa ikalemedwa) mpaka pamapeto. Ndi nzeru zimenezo? Thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) inauma kalekale mpaka kusanduka choko, fani ndi ija inabwera ndi purosesa, yodzaza fumbi, ma capacitor ena atupa mitu mukuwaona ndi maso anu, power supply ndi yopanda dzina, yolembedwa 500 W koma yopepuka m'manja, komabe mukuti mukufuna overclock!

Ena ali ndi purosesa ya Core 2 Quad Q6600 ya mu 2007, ndipo m'malo mokhutira ndi 3.0 GHz imene ambiri amaipeza pokweza FSB (liwiro lolumikizira purosesa ndi motherboard) kuchoka pa 266 kufika pa 333 MHz, akulimbira 400 pa motherboard ya G31, RAM ikukokedwa nawo mosafuna. Enanso aika purosesa ya i5-2500K pa motherboard ya H61, imene silola kukweza multiplier (nambala yochulukitsira liwiro), ndiye akukankha BCLK (liwiro loyambira) kudutsa 100 MHz, osalabadira kuti PCIe ndi SATA, njira zolumikizira graphics card ndi ma disk osungira mafayilo, zimangiriridwa pa liwiro lomwelo. Mafayilo anu adzawonongeka mwakachetechete, ndipo mudzazindikira tsiku limene Windows idzakane kudzuka. Kodi zithunzi za banja ndi ntchito ya kusukulu zimene zili m'kompyutamo munazisunga kwina? Nanga kompyutayo ndi yanu nokha, kapena pali enanso amene amaidalira?

Musandiuze kuti munayesa Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa, kwa mphindi zisanu ndipo kompyuta sinagwe. VRM ikapsa imatha kutenga purosesa, RAM ndi graphics card n'kupita nazo limodzi, ndipo mapurosesa a m'badwo umenewo anasiya kuwapanga kalekale. Zonsezi mukuziika pachiswe chifukwa cha ma FPS (zithunzi pa sekondi m'magemu) ochepa amene diso lanu silingawasiyanitse?

Ngati motherboard yanu ilibe heatsink pa VRM, bwezerani BIOS pa default, m'mene inabwerera, lero lomwe, ndipo voteji muisiye. Lekani chibwana chimenechi.