Macrina sanade thupi ayi

Zikomo alembi, koma pamene mwanena kuti amayi oyera a mu mpingo wakale ankasala zakudya ndi kukana banja chifukwa chodana ndi thupi, pamenepo sindikuvomereza. Taonani Macrina, mlongo wawo wa Basil wa ku Caesarea ndi Gregory wa ku Nyssa, mabishopu a m'zaka za m'ma 300. Mnyamata amene anamutomera atamwalira ukwati usanachitike, iye anakana mwamuna wina, n'kunena kuti bwenzi lakelo lili moyo kwa Mulungu, langopita ulendo. Chimenechi si chikondi?

Ku Annisa, m'dera la Pontus (ku Turkey wa lero), ananyengerera amayi ake Emmelia kuti adzakazi apakhomo azidya nawo pamodzi ngati abale. Pa nthawi ya njala anatola ana otayidwa m'mbali mwa msewu n'kuwalera. Basil atabwerako ku Athens akudzitukumula ndi sukulu, ndi mlongo wakeyu amene anamutsitsa mapewa.

Pa nzeru ndiye musachite kunena. Mu 379, ali chigonere pa thabwa imfa itayandikira, anakambirana ndi Gregory za mzimu ndi kuuka kwa akufa, bishopu wathunthu n'kumamutchula mphunzitsi. Chondiwawa n'chakuti mawu akewo tikuwamvera m'cholembera cha Gregory, popeza mwiniwake sanatisiyire buku.