Zophodaphoda zotha ntchito musapatse mng'ono wanu

Amayi anzanga, pali khalidwe lina lomwe timalitcha chifundo, koma ine sindigwirizana nalo. Munthu wakhuthula chikwama chake cha zophodaphoda pabedi, wapeza mascara ya chaka chatha, faundeshoni yomwe yalekana kale, mafuta pamwamba zolimba pansi, ndiye akuti, "Izi ndipatsa mng'ono wanga, izi atenge mtsikana wantchito." Ayi asisi. Chimene mwaona kuti sichingapitenso pankhope panu, musachitumize pankhope pa mwana wa eni. Maso akewo si achitsulo.

Chimene chimatimanga manja ndi ndalama, tonse tikudziwa. "Ndinagula modula." "Anandibweretsera achemwali kuchokera ku Joni." "Ikadalimo yambiri." Komatu kuchuluka kwa zotsala m'botolo sikukuuzani ngati zili bwino. Tembenuzani botololo muone kumbuyo kapena pansi pake. Mupeza kachithunzi ka kabotolo kotsegula chivundikiro, pali 6M, 12M kapena 24M. Imeneyo ndi miyezi yomwe chinthucho chingagwire ntchito kuyambira tsiku lomwe munachitsegula, osati tsiku lomwe chidzathere m'botolo. Mayiko a European Union anayamba kukakamiza chizindikirochi mu 2005, ndipo lero mumachipeza pa zodzola zambiri, ngakhale zochokera kwina. Vuto ndi loti palibe amene amakumbukira tsiku lomwe anatsegula lipisitiki. Ndiye tengani cholembera, matani kapepala pansi pa botolo, lembani mwezi ndi chaka. Ntchito ya mphindi imodzi basi.

Mascara ndiye imene sindinyengerera. Miyezi itatu, itayeni. Taganizani, kaburashi kaja kamakhudza m'mbali mwa diso m'mawa uliwonse, kenako kamabwerera m'kabotolo konyowa, kamdima, kotsekedwa. Tizilombo toyambitsa matenda timafunanso malo ena oposa amenewo? Ndiye pali ena ikayamba kuuma amathiramo madzi, ena mpaka malovu, kuti ifewe. Bungwe la FDA la ku America, loona za chitetezo cha zakudya, mankhwala ndi zodzola, limachenjeza poyera kuti zimenezi musachite, chifukwa madzi amasungunula mankhwala oteteza omwe ali m'katimo, ndipo malovu amabweretsa tizilombo ta m'kamwa kudzatiika m'diso. Ngati munadwalapo maso, kufiira ndi kutuluka manthongo, chilichonse chomwe chinakhudza diso nthawi imeneyo chipite, ngakhale munagula sabata yomweyo. Zimawawa, koma ndi momwemo.

Nanga kasiponji kaja kopakira faundeshoni? Mu 2019 akatswiri a pa Aston University ku Birmingham anayeza zophodaphoda zomwe anthu ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zinapezeka ndi tizilombo monga E. coli ndi Staphylococcus. Zoipitsitsa pa zonse zinali masiponji. Mwa masiponji amenewo, 93 pa 100 alionse anali asanachapidweko chigulireni, ndipo 64 pa 100 anali atagwapo pansi. Eni ake anangotola n'kupitiriza. Ndiye munthu ukudabwa kuti ziphuphu sizikutha, ukusinthasintha sopo, ukunamizira mtedza womwe unadya dzana. Chapani siponji ndi sopo ndi madzi ofunda, iume pa mphepo isanalowe m'chikwama, ndipo ikayamba kunyenyeka gulani ina. Maburashi nawo asambe kamodzi pa sabata.

China chomwe timaiwala ndi kutentha kwathu kuno. Miyezi yolembedwa pabotolo ija ndi ya chinthu chosungidwa pamalo ozizira bwino, osati chomwe chatha Okutobala yense m'chikwama, m'minibasi, kapena pawindo pomwe dzuwa limawomba masana onse. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa, komwe kutentha kumadutsa madigiri 40, akudziwa momwe lipisitiki imachitira thukuta n'kupindika. Kubafa nakonso si malo ake, chinyezi chimaononga. Mphuno yanu ikuthandizeni: ikamanunkha ngati mafuta ophikira okhalitsa, yatha ntchito, kaya pabotolo palembedwa chiyani. Paudala wouma amapirirako, mpaka zaka ziwiri, chifukwa mulibe madzi. Mapensulo a nsidze ndi a milomo amakhalitsanso mukamawasongola.

Tsopano pali gulu lina lomwe silifuna n'kuyang'ana deti komwe. Ndikunena mafuta oyeretsa khungu aja, makamaka ongothiridwa m'kabotolo kopanda dzina, opanda mndandanda wa zomwe zilimo. Ambiri amapezeka ndi mercury, chitsulo chapoizoni chomwe chimaononga impso ndi mitsempha, ndipo kwa mayi woyembekezera chimafika kwa mwana. Pa chizindikiro nthawi zina amalemba calomel kapena mercurous chloride, ndi chinthu chomwecho. Pangano la mayiko la Minamata, lothana ndi mercury, linayamba ndi kuika malire a gawo limodzi pa miliyoni, kenako linagamula kuti pofika 2025 mercury ikhale yoletsedwa m'zodzola. Ena ali ndi clobetasol kapena betamethasone, mankhwala amphamvu omwe adokotala amapereka pa matenda apakhungu kwa nthawi yochepa. Ukamadzola miyezi ndi miyezi khungu limapyapyala, mitsempha n'kumaonekera. Hydroquinone nayo, mankhwala ena oyeretsa khungu, ukaidzola nthawi yaitali, imasiya mabala akuda m'masaya omwe ndi ovuta kuchotsa. South Africa inailetsa m'zodzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba kuchotsa mafuta amenewa m'masitolo chakumapeto kwa 2018. Zimenezi kupatsa mtsikana wa zaka 16 n'kumulakwira. Potaya, mangani m'jumbo bwinobwino. Musaponye kudzala komwe ana amakatola timabotolo ta masanje.

Za kasungidwe sindichulutsa, chifukwa mukataya zoyenera kutaya mupeza kuti zatsala ndi zochepa. Mabokosi oonekera m'kati aja timawaona pa TikTok ndi okongola ndithu, koma bokosi la zipinda khumi limangokuitanani kuti mukagule zodzazamo. Kapu yakale ikwana maburashi, tsitsi lake liyang'ane m'mwamba. Zomwe mumapaka tsiku lililonse zikhale m'kachikwama kamodzi, zapaukwati ndi zakutchalitchi m'chitini cha mabisiketi, m'kabati mopanda dzuwa. Ndipo musatsegule faundeshoni yatsopano ina isanathe.

Sindikuti kupatsa n'kolakwika. Chomwe simunatsegule, deti lake likadali bwino, perekani. Faundeshoni ya pampu yomwe munagula mwezi watha koma mtundu wake sunagwirizane ndi khungu lanu, perekani, chala sichinalowemo. Pensulo isongoleni kaye. Koma mascara, lip gloss ndi chilichonse chomwe kamtengo kake kamakhudza diso kapena mlomo n'kubwerera m'botolo, zimenezo ndi za munthu mmodzi.

Izi zikukhudzanso inu opaka akwati. Timakuonani m'mawa wa ukwati, operekeza asanu ndi atatu ali pamzere, mascara imodzi, siponji imodzi, kuyambira woyamba mpaka mkwatibwi. Timaburashi togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya tilipo, ndipo lipisitiki mungathe kupala pang'ono n'kupaka ndi burashi yoyera. Inu operekeza, nyamulani mascara ndi lipisitiki yanuyanu, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti siponjiyo inachapidwa liti.