Chule wa poizoni ndi gologolo, ine ndavotera gologolo

Dzulo mphwanga wandionetsa kavidiyo pa foni ka chule wina wachikasu wa ku Colombia, ati ameneyu ndiye dolo, gologolo wathuyu sangafikeko. Takangana mpaka nsima kuzizira, nanga ndi mphepo ya kuno ku Dedza imachedwa ngati?

Kuopsa kokha sindikukana ayi. Kanthu ka masentimita 5 basi koma poizoni wa pakhungu pake atha kupha anthu 10, mpaka asayansi pokatcha dzina mu 1978 anangoti Phyllobates terribilis, mawu omalizawo kutanthauza kuti koopsa. Anthu a mtundu wa Emberá a ku Colombia komweko amangokhudzitsa timivi tawo pamsana pake nkupita kosaka. Ndipo sikabisala, kamayenda masanasana ndi chikasu chakecho ngati kakunena kuti yerekezani muone.

Koma apa mpamene ndamugwira mphwangayo. Poizoni uja si wake weniweni, amachokera mu tizilombo timene amadya mu nkhalango ya kwawoko. Achule omwewo akabadwira mu galasi nkumadyetsedwa tintchentche wamba amakula opanda poizoni olo pang'ono, kumangotsala utoto. Ndiye ukali wobwereka umenewu tiziti udolo? Nkhalango ija ikadulidwa, ndipo ikudulidwadi, bwana uja alibe kolowera.

Gologolo alibe chida chilichonse, kungokhala mano aja amene amakula moyo wake onse, nchifukwa chake sasiya kukukuta. Zina zonse ndi maso, liwiro ndi mutu. Akaona njoka sathawa mwakachetechete, amakwera pa nthambi nkuyamba kulalata uku mchira ukugwedera mpaka anzake ndi mbalame zomwe adziwe, kabawi akadutsa walowa kale mu mphako. Amakwiriranso mbewu pansi kusungira mawa, zina amaiwala nkumera, ndiye kuti kakubako kamadzalanso mitengo osadikira ndalama za polojekiti. Tili ana tinkamuthamangitsa ndi malegeni m'masuku mbali ya ku Chongoni, tsiku lonse, kubwerako ndi mabala m'miyendo basi.

Chinthu chimodzi ndampatsa chule uja, bambo wake amabereka mbululu kumsana kukazitula pa madzi, azibambo ena kuno ngakhale kunyamula mwana popita ku sikelo manyazi.

Mphwanga akuti ndikukondera poti gologolo ndi wakwathu. Mwina. Komatu mtedza umene ndinayanika padenga sabata yatha akuutha ndi yemweyo, ndipo mpaka lero sindinamugwire.