Anyamata inu, lekani kusirira a Hells Angels

Ana anga, makamaka inu amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban ndi ku Britain, tcherani khutu. Pali chibwana chimene ndikuchiona pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo chikundidetsa nkhawa kwambiri. Mnyamata avala malaya a nambala 81 kapena jekete ya chigaza cha mapiko, aima pafupi ndi njinga yamoto ya mwini, ajambulitsa, anzake kumudzi n'kumamutama kuti afika bwana. Wina agawa makanema a azungu a ndevu ali pamdipiti wa njinga za Harley-Davidson, n'kulemba kuti amuna enieni ndi awa. Kodi mukudziwa amene mukuwaombera m'manja? Nambala 81 ija ndi dzina la Hells Angels: H ndi chilembo cha 8, A ndi cha 1. Ukaivala, ukuuza aliyense wodziwa nkhanizi kuti uli kumbali yawo, ndipo adani awo amaiwerenga chimodzimodzi.

Gulu limeneli lidayamba mu 1948 ku Fontana, m'chigawo cha California ku America, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Anyamata ambiri adabwera kunkhondo mitima isakukhazikika, moyo wapakhomo ukuwakanika, nayamba kusonkhana m'magulu a njinga zamoto. Mu 1957 Sonny Barger adatsegula nthambi ya ku Oakland, ndipo ndi iye amene adalikuza gululi mpaka kutchuka. Lidafika ku Auckland, New Zealand, mu 1961, ku London mu 1969, ku Canada mu 1977, ndipo ku South Africa lili ndi nthambi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Choncho inu a ku Joni, anthu awa si apakanema chabe, mumayenda nawo m'misewu imodzi.

Iwo amati ndi okonda njinga basi, ndipo membala akapalamula ndi mlandu wake, gulu silikhudzidwa. Amasonkhanitsanso zidole zopatsa ana ovutika, atolankhani n'kujambula. Chikomekome cha mkuyu, ana anga, m'kati muli nyerere. Unduna wa zachilungamo ku America ndi bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol amaliika gululi pakati pa magulu a zaupandu, chifukwa cha malonda a kokeni ndi mankhwala ena ozunguza bongo, mfuti, kulanda ndalama moopseza ndi kupha anthu. Ndipo baji yawo ya 1% amaivala okha mwakufuna kwawo, kunyadira kuti iwo ndi ochepa aja osagonjera malamulo.

Dziko lidawaona bwino pa 6 December 1969 ku Altamont, komweko ku California. Oyimba a Rolling Stones adali ndi phwando laulere la anthu pafupifupi 300,000, ndipo a Hells Angels ndiwo adaikidwa kuti alondere nsanja. Tsiku lonse adali kukwapula anthu ndi ndodo zosewerera pool. Madzulo ake Meredith Hunter, mnyamata wakuda wa zaka 18, atakankhidwa ndi kumenyedwa adasolola mfuti, ndipo membala wina, Alan Passaro, adamubaya ndi mpeni mpaka kufa. Khoti lidamumasula kuti ankadziteteza, koma mwana wa eni adapita.

Nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino ndi ya ku Quebec, ku Canada. Kuyambira mu 1994 mpaka 2002, a Hells Angels adamenyana ndi gulu la Rock Machine polimbirana msika wa mankhwala ozunguza bongo mumzinda wa Montreal. Anthu oposa 160 adafa. Musaganize kuti onsewo adali akuluakulu a magulu. Ambiri adali anyamata otumidwa, ogulitsa timapaketi m'mabala, onyamula katundu, ofuna kukondweretsa mabwana kuti tsiku lina adzapatsidwe jekete. Mu August 1995 bomba lidaphulitsa galimoto m'dera la Hochelaga-Maisonneuve, ndipo chitsulo chidalasa m'mutu Daniel Desrochers, mwana wa zaka 11 amene ankasewera chapafupi. Adamwalira patapita masiku ochepa. Mwanayo adalibe njinga, adalibe ngongole ndi munthu. Mu 1997 alonda awiri a ndende, Diane Lavigne ndi Pierre Rondeau, adawomberedwa. Adalibe chifukwa ndi aliyense, adaphedwa chifukwa cha yunifolomu yawo, pofuna kuopseza boma. Amene adalamula ndi Maurice Boucher, mtsogoleri wa Hells Angels kumeneko, ndipo mu 2002 khoti lidamugamula kukhala kundende moyo wake wonse. Adafera m'manja mwa boma mu 2022. Mtolankhani Michel Auger, amene ankalemba za iwo, adamuwombera kangapo kumsana mu September 2000 pamalo oimika galimoto a nyuzipepala yake, mwamwayi adapulumuka. Amenewa ndi amene mukuti amuna enieni?

Mwina wina anena kuti koma amakondana okhaokha, ubale wawo ndi wolimba. Ku Quebec komweko, mu March 1985, mamembala asanu a nthambi ya Laval adaitanidwa ndi anzawo kumsonkhano ku Lennoxville. Atafika adawomberedwa ndi abale awo a jekete imodzi, chifukwa ankasuta kokeni wogulitsa ndi kusokoneza ndalama. Mitembo adaikulunga m'matumba ogonamo, adamangirira zolemera, n'kuiponya mumtsinje wa St. Lawrence. Ngati adachita zimenezi kwa anthu amene adalumbira nawo pamodzi, nanga iwe mlendo wopanda mapepala, amene ngakhale dzina la kwanu salidziwa, adzakuchita chiyani?

Pano mpamene mtima wanga ukuwawa. Gulu ili lakhala la azungu kuyambira pachiyambi, ndipo munthu wakuda sapatsidwa jekete yake. Koma kumugwiritsa ntchito amamugwiritsa. Ku Montreal kudali Gregory Woolley, wobadwira ku Haiti, amene adali mlonda wa Boucher ndipo adawagwirira ntchito zoopsa kwa zaka zambiri. Adathera m'kagulu kakang'ono kotumikira kotchedwa Rockers, umembala wa Hells Angels sadaulawe. Adakhala zaka kundende, ndipo mu November 2023 adaphedwa ndi mfuti masanasana pamalo oimika galimoto. Ndiye iwe mwana wa ku Mangochi, wa ku Chipata kapena wa ku Tete, ukuvalira chiyani nambala ya anthu oti pakhomo pawo sangakulowetse ngati mnzawo? Ngakhale mzungu amene akufuna kulowa amayamba n'kungozungulirazungulira, kenaka akhala woyesedwa kwa chaka kapena kuposa, akutsuka njinga, akulondera pageti usiku, akuchita chilichonse chimene wauzidwa, mpaka onse a m'nthambi atavomereza. Jeketeyo ikabwera, zizindikiro zake zimakhalabe katundu wa gulu, ndipo tsiku lochoka amazilanda.

Ku Ulaya nako magazi adakhetsedwa. Pakati pa 1994 ndi 1997 a Hells Angels adamenyana ndi a Bandidos, gulu lina la njinga zamoto, ku Denmark, Norway, Sweden ndi Finland, maiko amene timawadziwa kuti ndi abata. Mu October 1996 a Bandidos adaponya roketi yophulitsira akasinja pa nyumba ya Hells Angels ku Copenhagen phwando lili m'kati, anthu awiri n'kufa, mmodzi mwa iwo mayi amene adangopita ngati mlendo. Mu June 1997 bomba la a Hells Angels lidaphulika panja pa nyumba ya Bandidos ku Drammen, ku Norway, n'kupha mayi amene ankangodutsa pagalimoto. Atsikana inu okonda kuitanidwa kumaphwando a anthu osawadziwa, nkhani ya ku Copenhagen ndi yanu.

Ndipo inu a ku Britain, mumvetse za Gerry Tobin. Adali makaniko, membala wa Hells Angels, ndipo mu August 2007 ankabwerera kwawo kuchokera kuchikondwerero cha njinga. Ali pa msewu wa M40, galimoto idamuyandikira, adamuwombera m'mutu. Amene adamupha, a gulu la Outlaws, sadali kumudziwa n'komwe. Adangoona zimene zidali kumsana kwake. Asanu ndi awiri adagamulidwa ukaidi wa moyo wonse mu 2008. Ku Australia mu March 2009 a Hells Angels adamenyana ndi a gulu la Comanchero m'kati mwa bwalo la ndege la Sydney, apaulendo akuonerera, ndipo Anthony Zervas, m'bale wa membala wa Hells Angels, adafera pomwepo. Wakupha akafika safunsa ngati malaya ako udawagula pa kaunjika kapena udatengera fasho. Eni ake nawonso salekerera munthu wamba kuvala chigaza chawo. Adachilembetsa mwalamulo, ndipo adasumirapo ngakhale makampani akuluakulu ngati Disney chifukwa cha dzina ndi chizindikiro chawo. Makampani amawatengera kukhoti, iwe woyenda pansi akuthana nawe pamsewu pomwepo.

Maboma ena adatopa nawo. Mu May 2019 khoti la ku Utrecht lidaletsa gulu lonse la Hells Angels m'dziko la Netherlands. Ku Germany nthambi ya Hamburg idatsekedwa kalekale mu 1983, ndipo kuyambira mu 2017 lamulo likuletsa kuonetsa zizindikiro zawo pagulu. Wofunsira visa amene tsamba lake ladzaza ndi 81 akudzitchera yekha msampha.

Pasakhale wondimva molakwa. Njinga yamoto ilibe tchimo. Anyamata athu a kabaza akudyetsa mabanja ndi njinga, ndipo magulu ambiri a okwera njinga, ku South Africa ndi kwina, ndi a anthu aulemu amene amalipira msonkho n'kubwerera kwa ana awo madzulo. Ndikudzudzula kusirira zigawenga, ndi kuyandikira kumene simukudziwa.

Kuyandikirako kumayamba pang'onopang'ono. Ukugwira ganyu pagalaja, pabala kapena pamalo otsukira galimoto. Kasitomala wa jekete akupatsa ndalama yoposa ntchito imene wagwira. Mawa akuti undisungireko chikwama ichi. Mkucha akuti kasiye phukusi ili pakuti, usalitsegule. Kenaka akubwereka akaunti yako ya kubanki kapena akulembetsa simu m'dzina lako. Tsiku limene apolisi adzafike, phukusi lidzapezeka m'manja mwako, dzina la pa akaunti lidzakhala lako. Iye ali ndi maloya olipidwa ndi gulu. Iwe udzagwira ukaidi m'dziko la eni, ndipo ukadzaumaliza adzakukweza basi kapena ndege, kubwera kumudzi chimanjamanja, ana atakula osakudziwa. Ukayesa kuulula amene adakutuma, ndiye kuti moyo wako uli pachiswe.

Choncho malaya aja vulani, ndipo musapatse mng'ono wanu. Zithunzi zija fufutani lero lomwe. Munthu wa jekete akakupatsani katundu woti musunge kapena mupereke kwina, kanani mwaulemu koyamba komweko, ndipo ngati akukakamiza, siyani ntchito pamalopo ngakhale malipiro ali abwino. Amene mwalowa kale m'zotumidwa, musabise: uzani mkulu amene mumamukhulupirira, abusa kapena ashehe anu, mupeze loya, musanatumidwe ulendo wina. Inunso makolo ndi amalume muli kumudzi, mwana akayamba kutumiza ndalama zosagwirizana ndi ganyu imene amati akugwira, musathamangire kugula malata. Muimbireni foni, mumufunse kuti akugwira ntchito yanji, kwa yani, ndipo musadule foni asanakuyankheni zomveka.