Mbale zomwezo, mapazi osiyana: gule wa ku Wigan ndi wa ku Vrasene

M'zaka za m'ma 1960, ku Detroit ndi ku Chicago m'dziko la America kunali timakampani tambirimbiri tojambula oimba akuda, tonse tikulakalaka kufika pamene kampani yotchuka yojambula nyimbo ya Motown inafika. Nyimbo zambiri sizinagulidwe. Mbale zake zinangounjikidwa m'nyumba zosungiramo katundu, fumbi lili mbuu. Patapita zaka zochepa, achinyamata a tsidya lina la nyanja anayamba kuzisaka usana ndi usiku, ena kumpoto kwa England, ena ku Flanders m'dziko la Belgium. Maiko awiriwa ndi oyandikana, sitima yapamadzi inkaoloka tsiku ndi tsiku pakati pa Dover ndi Ostend, koma mukaona zimene aliyense anachita ndi mbalezo mungakane kuti anatunga pachitsime chimodzi.

Angerezi ankafuna liwiro. Zinayambira ku Twisted Wheel mumzinda wa Manchester, malo ovinira amene anatsegulidwa mu 1963. Dzina la guleyu lakuti northern soul, kutanthauza nyimbo za soul za akuda a ku America zokondedwa kumpoto kwa England, analibweretsa ndi Dave Godin, yemwe anali ndi sitolo ya mbale yotchedwa Soul City ku London. Iye anaona kuti anyamata ochokera kumpoto, akabwera kudzaonera mpira, sankafuna nyimbo zatsopano. Ankafunsa zakale zija, zothamanga, zang'oma yogunda mosalekeza. Twisted Wheel itatsekedwa mu 1971, gule anasamukira ku Golden Torch kufupi ndi Stoke-on-Trent, ndipo pa 23 September 1973 mchezo woyamba unachitika ku Wigan Casino, holo yovinira ya m'tauni ya Wigan, woyika nyimbo Russ Winstanley ali pa makina. Zitseko zinkatsegulidwa 2 koloko usiku, anthu n'kuvina mpaka 8 koloko m'mawa.

Kuvina kwake kunali kwa munthu payekha. Mnyamata amene wakhala mlungu wonse m'fakitale ankafika ndi chikwama chosokererapo mabaji, atavala buluku lotambalala ndi vesiti, n'kuwaza pawuda pansi kuti nsapato ziterere. Kenaka kuzungulira ngati nguli, kuponya mwendo m'mwamba, kudzigwetsa chagada n'kudzuka nthawi yomweyo, ndipo nyimbo ikafika pena pake holo yonse inkawomba m'manja pamodzi, phwaa! Sunali malo osakirako chibwenzi. Mtsikana ankavina payekha popanda womuvutitsa, ndipo pa ichi ndimawavulira chipewa Angereziwo. Mowa sunkagulitsidwa pa mchezowo. Koma tisabise mawu: ambiri ankachezera ndi mphamvu ya mapiritsi a amphetamine, ndipo nkhani ya mankhwalayi ndi imene inadanitsa Twisted Wheel ndi Golden Torch ndi apolisi komanso makhonsolo. Ena mwa achinyamatawo anawonongeka nawo.

Ku Belgium zinthu zinayenda chammbuyo. Cha m'ma 1969, m'mudzi wa Vrasene kufupi ndi Antwerp, pamalo omwera otchedwa De Oude Hoeve, anthu anayamba kusonkhana Lamulungu masana. Malowo anadzatchedwa The Popcorn, potengera nyimbo ya James Brown, ndipo dzinalo linamatirira pa gule yense. Kumeneko mowa unkayenda ngati madzi, ndipo ovina ankagwirana manja awiriawiri, mwamuna akuzunguza mkazi pang'onopang'ono, mapazi akukhwekhwereza pansi. Gule wotere safuna ng'oma yothamanga. Choncho oyika nyimbo, monga Gilbert Govaert, ankachepetsa liwiro la mbale. Ina yopangidwa kuti izizungulira maulendo 45 pa mphindi ankatha kuitsitsira ku 33, n'kuikweza pang'ono mpaka igwirizane ndi mapazi a anthu. Mawu a woimba ankanenepa, nyimbo yachisangalalo n'kusanduka yachisoni chokoma.

Apa ndi pamene kusiyana kwenikweni kwagona, osati pa usiku ndi masana. Mngerezi ankapinda thupi lake kuti litsate mbale. Wa ku Belgium ankapinda mbale kuti itsate thupi lake. N'chifukwa chake ku Vrasene sankasankha mtundu. Soul, cha-cha-cha, ska wa ku Jamaica, ngakhale nyimbo za azungu zoimbidwa m'masewero, zonse zinkalowa bola mtima wake ukhale womwewo. Ku England anthu ankakangana koopsa za chimene chili soul weniweni. Oyika nyimbo Ian Levine ndi Colin Curtis atayamba kuika nyimbo zatsopano za m'ma 1970 kuholo ya Blackpool Mecca, otsatira a Wigan anaona ngati awagulitsa, gulu n'kugawanika pakati.

Kwa nthawi yaitali ndinkakondera Belgium. Gule wawo ndi wofatsa, agogo ndi mdzukulu angavine limodzi, ndipo luso lochepetsa liwiro lija silinafe: linadzabadwanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mu New Beat, nyimbo zamakina zimene zinatchukitsa Belgium. Angerezi anali ndi khalidwe lina limene limandinyansabe mpaka pano. Woyika nyimbo akapeza mbale yosowa, ankamata pepala pa dzina la woimba n'kulembapo dzina labodza kuti anzake asaipeze. Taganizani, munthu anaimba ndi mtima wonse ku Detroit, kwawo osamumvera, ndiye kumene akumuvina usiku wonse akumubisanso dzina! Mbale imodzi ya Frank Wilson ya mu 1965 inagulidwa pa mapaundi opitirira 25,000 mu 2009. Ndalama zotere zimazungulira m'matumba a osonkhanitsa mbale okhaokha.

Chimene chinanditembenuza ndi funso lakuti: oimbawo anapindulanji? Ndikachepetsa liwiro la mawu a munthu, ndatenga mawu akewo ngati dothi loumbira mphika wanga. Mphikawo ungakongole, koma mwini dothi sakuonekanso. Angerezi, ndi zolakwa zawo zonse, pamapeto pake ankafuna kudziwa mwini mawu. Ankafufuza amene analemba nyimbo, amene anaimba ng'oma, kampani yake ndi msewu umene inali. Ankaitana oimbawo kuti aoloke nyanja adzaimbe pamaso pawo. Woimba wa ku America Major Lance anajambula chimbale akuimba ku Golden Torch mu December 1972, holo itadzaza thothotho. Chizindikiro cha gulu lawo, chibakera chokwezedwa m'mwamba, anachitenga kwa akuda a ku America omenyera ufulu wawo, ndipo ngakhale ambiri mwa anyamatawo sankatsata ndale zake, ankadziwa kuti nyimbozi zili ndi eni ake.

Wigan Casino inatsekedwa mu 1981, chaka chotsatira n'kupsa ndi moto, ndipo pamalopo lero pali masitolo. Koma woimba wa ku America Edwin Starr, wobadwira ku Nashville n'kukulira ku Cleveland, ataona mmene anthu akumpotowa ankamukondera, anasamukira ku England n'kukhazikika. Anapitiriza kuimba m'maholo a kumeneko mpaka anamwalira mu 2003 kunyumba kwake kufupi ndi Nottingham, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda womwewo.